Mkazi wa pa Positala

"Ndikufunsanso, apongozi. Ndani mkazi ameneyu?"

Agogo a mapasa anali atayala positala patebulo, ngodya ina atapanikiza ndi kapu, ina ndi chigongono. Anaimatula pakhoma la golosale atangotsika basi. Chikwama chinali chikadali paphewa, ndipo moni anaukana pakhomo pomwe.

Mwamuna wa mwana wawo, amene anthu ankangoti a Nsambo chifukwa gitala sinkachoka pamsana pawo, anaima pakhomo la kuchipinda atavala malaya mkono umodzi.

"Amayi, takhalani kaye pansi."

"Ndikhale pansi m'nyumba ya mitala ine? Mwana wanga wakuimbirani mpaka mawu kusasa, wakuberekerani mapasa, lero bandi yayamba kumveka ndiye mwapeza woyera mbee womukoleka dzanja paphewa. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo."

Positalayo inali yokongola, tisaname. Kumbuyo kunali wang'oma ndi wa kiyibodi, kumanja a Nsambo atavala jekete lawo loyera, ndipo pakati panali mkazi wowala ngati sopo watsopano, wamphuno yosongoka, mano ali ndandanda. Pansi analemba kuti gulu lidzaimba mu holo ya kumsika kumapeto kwa mwezi.

Mayi a mapasa, amene ndiwo ankatsogolera nyimbo m'gulumo, anatulukira kuchokera kukhitchini akupukuta manja. Positalayo anali asanaione. Anawerama n'kuiyang'anitsitsa.

"Diresi ili ndi langa."

"Wamva? Mpaka diresi amupatsa," anatero agogo.

"Ndolozi ndi zanganso." Anatsitsa maso pomwe mkaziyo anagwira maikolofoni. Nkhope inali mbee, koma manja anali bii, ndipo chala chaching'ono chinali chokhota. Anatambasula dzanja lawo pambali pa chithunzicho. "Manjanso ndi anga. Bambo a mapasa, mutu wangawo mwauika kuti?"

A Nsambo anamaliza kuvala malaya mosathamanga, ngati kuti mabatani ndiwo anali nkhani yaikulu m'nyumbamo.

"Ndi inu nomwe amenewo. Tangokutsukani pang'ono."

"Munamupeza ndi litsiro?" anafunsa agogo.

"Ndi mawu a ojambula, amayi. Chithunzi amatsuka."

"Musandiphunzitse. Changa cha ukwati anatsuka, koma ndinatuluka ndili ine ndemwe, ndi bambo ake a uyu ali oipa monga analili."

"Zinthu zinasintha. Masiku ano anthu amayamba kumva ndi maso. Tapitani muone mapositala a anzathu, aliyense akuwala. Ifeyo tizingokhala mumdima chifukwa chiyani? Ndachitira gulu, ndachitira ana."

Mayi a mapasa anaseka, chifukwa nkhaniyo inalidi yoseketsa: mayi wokubereka kubwera ndi ukali kudzakumenyera nkhondo yolimbana ndi iwe mwini. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Koma atabwerera kukhitchini n'kuona nkhope yawo m'chivundikiro cha poto, kuseka kunatha. Zinawapweteka, ndipo zinawapweteka kwambiri chifukwa mwamuna wawo analankhula ngati munthu woyembekezera kuthokozedwa.

M'mawa mwake anapita kwa mlamu wawo, mng'ono wa a Nsambo, amene anali ndi situdiyo kuseri kwa malo ometera. Kanali kachipinda kamodzi: nsalu yojambulidwa nyumba yosanja ndi mathithi, mpando wapulasitiki, maluwa a fumbi, ndi kompyuta yolira ngati chigayo. Wojambulayo atawaona anaimirira mofulumira mpaka kugwetsa maluwawo.

"Alamu, ndabwera kudzatenga mutu wanga."

"Ulipo, alamu. Sindinautaye."

Anatsegula kompyuta. Chithunzi chenicheni chinatuluka, ndipo mayi a mapasa anakhala pampando paja osauzidwa. Anali iwo: akuda, akuseka pakati pa nyimbo, mpata wa m'mano ukuoneka, kachipsera ka pachibwano kali pomwepo. Khungu linkanyezimira ngati m'phika wokhula bwino.

"Chithunzi ichi ndinachivutikira," anatero wojambula. "Mukukumbuka achimwene ankafuna muime mzere pansalu iyi, manja kumbuyo ngati timu ya mpira? Ndinakana. Gulu loimba lizioneka kuti limaimba. N'chifukwa chake ndinakutengerani pageti lobiriwira la owotcherera zitsulo lija, m'mawa dzuwa lisanakwiye. Dzuwa la masana limakumba maenje m'maso mwa munthu. Inu ndinakuikani patsogolo, enawo m'mbuyo motalikirana, wina atakhala, wina ataima, kuti mitu isafanane ngati mabotolo m'kireti. Ndinati musayang'ane kamera, ingoimbani. Wang'oma ataphonya, inu n'kuseka, ndi pomwe ndinadina. Pamwambapa ndinasiya malo a mawu kuti dzina la gulu lisakhale pamphumi pa munthu."

"Ndiye zinalakwika pati?"

"Achimwene anachiyang'ana n'kunena kuti, 'Chili bwino, koma amayiwa uwatsuke.' Ndinayesa akunena zosindikiza. Ndinati mawa ndikatsuka. Iwo amvekere, 'Ayi, uwatsuke iwowo, awale.'"

"Inu n'kuvomera."

"Ndinakana, koma mukuwadziwa. Kamera iyi anandigulira ndi iwo, ndipo amandikumbutsa ngati nyimbo ya fuko. Ndiye ndinati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ndinakuyeretsani mopitiriza dala, ndinasongola mphuno, ndinatseka mano, manja ndinasiya, kuti akaona achite mantha anene kuti bwezera zakale."

"Anachita mantha?"

"Anaomba m'manja, alamu. Anandigulira ndi zoziziritsa kukhosi."

Mayi a mapasa anapukusa mutu. Mlamu wawoyu anali munthu wabwino, koma nzeru zake zinali zozungulira ngati njira ya woledzera.

"Nsaluyo munaviika, alamu, koma mwini wake waivala yonyowa, ndipo chimfine chagwira ine."

Chimfinecho chinawagwiradi. Mapositala anali atamatidwa paliponse: pachigayo, pasiteji ya basi, pamtengo wa magetsi wa pafupi ndi mpopi. Amayi a pampopi anayamba kuwapatsa malo kuti atunge msanga, ngati ofedwa. Wina anawagwira dzanja n'kunong'oneza kuti, "Limbani mtima, amuna ndi choncho." Wina anati anamuonapo mkaziyo akutsika galimoto ndi a Nsambo, ndipo analumbira. Mayi a mapasa atati ndi iwo omwe, amayiwo anayang'anana mwachisoni, poganiza kuti nkhaniyi yawasokoneza mutu.

A Nsambo okha ndiwo ankayenda mapewa m'mwamba. Anyamata a pamsika ankawakuwira kuti, "Bwana, mwatola kuti?" Iwo ankangomwetulira osatsutsa.

Patatha sabata anabwera kunyumba madzulo ndi kajumbo kakuda. Anadikira kuti agogo atuluke kukaanula zovala, n'kukaika pabedi. Munali kabotolo ka mafuta oyeretsa khungu, kokhala ndi chithunzi cha mkazi wofanana ndi wa pa positala uja ngati apachibale.

"Ndaganiza bwino," anatero. "Mapositala atuluka kale, madzi akatayika saoleka. Anthu akabwera ku holo adzafuna kuona chomwe anaona pakhoma. Wogulitsayo wati mukamadzola m'mawa ndi madzulo, pofika tsikulo mudzakhala mutayandikira."

"Nditayandikira ndani?"

"Chithunzicho."

Mayi a mapasa anakhala pabedi, kabotolo kali m'manja.

"Bambo a mapasa, ine ndimadziwa kuti telala akalakwitsa malaya amakonza malayawo. Inu mukuti tidule mkono?"

"Musakuze nkhani. Akazi angati akudzola?"

"Ambiri. Mkazi wa wang'oma wanu anadzola. Mwawaona masaya ake? Apsa ngati anagona pambaula, padzuwa sayenda opanda ambulera, ndipo zala zinakana, zili bii. Mwamuna wake yemwe anamugulira mafutawo ndiye akumuseka kumowa."

"Ameneyo anagula otchipa."

"Chikomekome cha mkuyu, bambo."

"Inu vuto lanu ndi limenelo, miyambi. Dziko likuthamanga inu muli pa miyambi."

Mapasawo, atsikana awiri a sukulu ya pulayimale, akuda ngati mayi awo, anali pakhomo akumvetsera, monga amachitira ana onse amene auzidwa kuti akasewere panja. Mmodzi analowetsa mutu.

"Amayi, ifenso adzatitsuka?"

"Ine ndikufuna anditsuke kwambiri kuposa uyu," anatero mnzake, "kuti aphunzitsi azitisiyanitsa."

A Nsambo anaseka. Mayi a mapasa sanaseke. Anatuluka ndi kabotolo kaja, n'kukapatsa agogo panja. Agogo anakanunkhiza, anawerenga movutikira, kenako anapita nako pa njinga ya a Nsambo n'kudzoza tcheni chonse mpaka kabotolo kutha.

"Tione ngati iyere," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo mayi a mapasa sanatchulenso nkhaniyo. Ankaphika, ankachapa, ankapita kokonzekera nyimbo, ndipo ankaimba bwino kuposa kale. A Nsambo anaona ngati nkhondo yatha ndipo apambana. Amuna ena amamva phokoso lokha; mkazi akakhala chete amayesa mtendere.

Tsiku la zoimba linafika. Zinayenera kuyamba masana, ndipo a Nsambo ndi anyamata awo analawirira kukalumikiza masipika. Mayi a mapasa anabwera pambuyo ndi agogo ndi ana, atavala diresi lomwe lija ndi ndolo zomwe zija. Anthu anali pamzere wautali kukhomo lalikulu. Iwo anazungulira kukhomo la kumbali lolowera oimba, pomwe panaima mlonda wa holo, bambo wamtali wokonda ntchito yake mopitirira malipiro.

"Uku n'kwa oimba okha, mayi."

"Ndine woimba."

Mlondayo anatembenukira positala yomwe inali pachitseko. Anayang'ana pakhoma, anayang'ana mayiwo, anayang'ananso pakhoma.

"Diresi mwayesetsa," anatero. "Koma pitani pamzere."

Agogo anakoka mpweya kuti ayambe, koma mwana wawo anawagwira mkono.

"Asiyeni, amayi. Bamboyu akunena zoona."

Panali benchi pansi pa khonde. Anakhalapo onse anayi, n'kugulira ana nzimbe. M'kati holo inadzaza. Gitala inalira, ng'oma inayankha, kiyibodi inazungulira nyimbo yoyamba kawiri, kachitatu, koma mawu osalowa. Anthu anayamba kuimba mluzu. Kenako linamveka liwu la mnyamata wina: "Tikufuna woyera uja!" Holo yonse inalandira ngati kolasi.

A Nsambo anatulukira kukhomo la kumbali thukuta lili kamukamu, gitala ili m'manja, jekete loyera litamatirira kumsana. Kumbuyo kwawo kunali mng'ono wawo, kamera ili pakhosi.

"Mayi a mapasa, mukutani apa? Anthu aphwanya mipando."

"Andikaniza. Akuti n'kwa oimba okha."

"Iwe, awa ndi akazi anga. Ndiwo oimba."

Mlondayo sanasunthe. "Bwana, munandiuza nokha kuti ndilowetse anthu anayi a pachithunzichi basi. Atatu alowa. Ndikudikira wachinayi."

"Wachinayiyo ndi ameneyu."

"Ayi, bwana. Maso ndili nawo. Uyu ndi woyera, awa ndi akuda. Uyu mano ndi ogundana, awa ndawaona akudya nzimbe, pali mpata. Awa ali ndi chipsera pachibwano, uyu alibe. Mukafuna kulowetsa achibale mwaulere, kambani ndi eni holo."

Anthu amene anatsala panja anayamba kuyandikira. Amayi a pampopi aja analipo, atabwera dala kudzaona mkazi wolanda banja la mnzawo.

"Tauzani bamboyu, bambo a mapasa," anatero mayi a mapasa modekha, akutaya khoko la nzimbe. "Kapena itanani wa pakhomayo atsike adzaimbe. Nyimbo akuzidziwa, si paja tinajambulitsa limodzi?"

A Nsambo anayang'ana mng'ono wawo, koma iye anali wotanganidwa kupukuta galasi la kamera lomwe linali loyera kale. Anayang'ana apongozi awo, n'kubweza maso msanga. M'kati mluzu unkakulirakulira.

"Mkazi wa pachithunziyo kulibe," anatero motsitsa.

"Mwati bwanji, bwana?"

"Ndati kulibe. Sanabadwe. Ndi akazi anga omwewa, ndinauza mng'ono wangayu kuti awayeretse pa kompyuta. Mphuno, mano, zonse. Mawu amene mumamva pa wailesi ndi a awa. Nyimbo zonse ndi za awa."

Panamveka kung'ung'udza, kenako kuseka. Mayi amene analumbira kuti anamuona mkaziyo akutsika galimoto anayamba kumanga bwino mpango wake.

"Ndiye mwatiitanira munthu woti kulibe?" anafunsa mlonda, ndipo zinkaoneka kuti zamukhumudwitsadi.

Mayi a mapasa anaimirira n'kusasa diresi. Sanakweze mawu.

"Ine ndili ndi funso limodzi, bambo a mapasa, ndipo mundiyankhe pano pomwe anawa ali. Nkhope iyi munaipeza ili chonchi. Sindinakubisireni, sitinakumane mumdima. Inayamba liti kukuchititsani manyazi?"

A Nsambo anayang'ana mapasa, amene anasiya kutafuna nzimbe n'kumadikira yankho limodzi ndi mayi awo. Manyazi anawagwira, enieni, osati aja ankanamizira maso a anthu.

"Ndinalakwa," anatero.

"Limenelo si yankho, koma lero tidyera lomwelo. Ndiimba. Koma ndisanalowe, alamu ajambule china pompano, ndipo mawa chimatidwe pamwamba pa chilichonse cha mkazi wanuyu. Itanani anyamatawo."

Wang'oma ndi wa kiyibodi anatuluka, wina atanyamula timitengo take, wina chingwe chili m'manja. Wojambula anasintha nthawi yomweyo, anakhala munthu wolamula. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana khoma, n'kuwachotsa padzuwa kuwaimika mumthunzi wa khonde, kutsogolo kwa chitseko chofiira. Mlamu wake anamuika patsogolo, wang'oma anamukhazika pa benchi, wa kiyibodi anamutsamiritsa pachipilala. Anasuzumira mu kamera n'kupukusa mutu.

"Mthunziwu ndi wabwino, koma mbali iyi ya nkhope ikufuna kuwala pang'ono. Khungu lakuda silifuna kutsuka, limafuna kuliunikira bwino. Ndikufuna chinthu choyera, chachikulu, choti chibweze dzuwa." Anayang'ana uku ndi uku, maso n'kukaima pa mkulu wake. "Achimwene, vulani jekete."

"Jekete langa? Nanga ndijambulidwa ndi malaya a thukutawa?"

"Vulani, apongozi," anatero agogo. "Mumakonda zoyera, lero zigwire ntchito."

A Nsambo anavula. Mng'ono wawo anawakokera padzuwa, masitepe angapo kumbali, n'kuwatambasulitsa jeketelo m'manja ngati munthu woyanika chovala.

"Apa ndiye kuti ine sindikuoneka," anatero a Nsambo.

"Gitala yanu ikuoneka, ndaitsamiritsa pakhoma. Kwezani manja. Pendeketsani pang'ono. Musayang'ane ine, achimwene, ine ndilibe kanthu. Yang'anani nkhope ya alamu. Muziyendetsa jeketelo pang'onopang'ono, mukaona kuti kuwala kwafika pa tsaya, muime pomwepo osasuntha."

A Nsambo anayang'ana. Poyamba ankayang'ana mwa ntchito, ngati munthu wolumikiza waya. Kuwala kunayenda pakhoma, kunakwera paphewa, kunafika pachibwano pomwe panali kachipsera, n'kukwera tsaya lonse. Mayi a mapasa sanawayang'ane. Anayamba nyimbo yoyamba ija chapansipansi, wang'oma n'kumagogoda benchi, ndipo m'holo anthu a pafupi ndi khomo atamva mawuwo anayamba kuuzana kuti akhale chete.

A Nsambo sanatsitse manja. Panali patapita zaka asanayang'ane mkazi wawo nthawi yaitali chotere.

"Kwafika, achimwene?" anafunsa wojambula, diso lili pa kamera.

A Nsambo anapitiriza kuyang'ana mkazi wawo.

"Achimwene, ndikufunsa. Nkhope yawala?"

"Yawala," anatero a Nsambo. "Jambula. Usakhudzepo kanthu."